Walinase

Mbandakucha wa Juni kuno ku Mzuzu
chifunga chimameza mitengo ya paini, chimameza msewu,
chimatsala pang'ono kumeza manja anga pa chiwongolero.
Ndimapalasa kuchokera ku Zolozolo mpaka ku Luwinga
phala lili m'fulasiki, lokulungidwa m'chitenje cha mayi ake,
ndipo pachitunda ndimatsika n'kukankha njinga ndi chifuwa
ngati ndikukankha tsiku lenilenilo kuti liyende.

Sabata yachisanu ndi chimodzi tsopano.
Mwana wanga ali pabedi la kuzenera,
mapazi atupa, zikope zatupa.
Akuti impso. Akuti tidikire.
Akuti mankhwala enawa mukagule m'tauni.
Wailesi inapita. Anapitanso malata asanu
amene ndinkasungira khonde.

Ndinene zoona, Ambuye, poti mukudziwa kale:
ndinaleka kupemphera Lachitatu lija
atatulutsa kamnyamata ka pabedi loyandikana
atakafunditsa nsalu mpaka kumutu.
Mayi ake ankapemphera kuposa ine.
Ndinkawamva usiku wonse, m'Chitumbuka,
mpaka mawu kusasa.
Nanga Inu munali kuti?
Ku Katawa, kumvetsera kwaya?

A kumpingo anabwera ndi shuga ndi mawu ambiri.
Wina anati mwina pali tchimo losaulula.
Ndinalandira shugayo.

Panali bambo wina, a Simwaka a ku Chitipa,
tinkagona moyandikana pasimenti panja pa wodi,
aliyense ndi katoni yake.
Sitinkacheza. Tinkangobwerekana machesi.
Akazi awo anatisiya Loweruka m'mawa.
Podikira galimoto yonyamula bokosi
anabwera ndi theka la thumba la makala
ndi bulangete lofiira lopsa pangodya.
Anati, kwanuku kumazizira, tengani.
Kenaka anafunsa, mwanayo dzina lake ndani?

Ndinati Walinase.

Iwo analibwereza pang'onopang'ono,
kulidula pakati ngati chinangwa chogawana:
wali, nase.
Sanawonjezepo kanthu. Anakwera kumbuyo kwa lole,
dzanja lili pabokosi kuti lisagwedezeke,
chifunga n'kuwatseka.

Ine ndine wa ku Ntcheu, dzinalo anatcha ndi mayi ake.
Zaka zisanu ndi zinayi ndakhala ndikuliitana
potuma mchere, pokalipa, pofuna madzi osamba,
osamva kuti pakamwa panga pakutuluka ulaliki.
Ali nafe.
Ndakhala ndikukufunani kumwamba, kokhala ngati kotseka,
pamene Inu munagona pakatoni pambali panga
n'kundibwereka machesi.

Sindikunena kuti ndamvetsa.
Kamnyamata kaja sikanadzuke, a Simwaka akudya okha,
ndipo funso langa likadali pakhosi ngati munga wa usipa.
Koma ndakumbuka kuti nanunso pamtanda paja
munafunsa, kumwamba kuli zii,
ndipo simunatsikepo.
Mulungu wa zipsera m'manja
ndingathe kukhala naye pabenchi limodzi
ngakhale tisalankhulane.

Dzulo mwana anadya masipuni atatu.
Lero awiri, lachitatu analavula.
Adokotala sanamwetulire, sanapukusenso mutu.
Mayi ake atsamira khoma, akusinza ndi rozale yosatha kuwerenga.

Mawa ndidzapalasanso.
M'chifunga munthu amaona mikono iwiri yokha ya phula,
ukaiponda, ina iwiri imatulukira,
mpaka geti la chipatala n'kukupeza.
Pemphero langa lafupika chimodzimodzi,
mikono iwiri basi:
musachoke.

Nthawi ya mankhwala namwino amalowa ndi thireyi,
amayang'ana pakhadi, n'kuitana mosakweza maso,
Walinase?
Kale ndinkangoloza bedi.
Lero ndayankha, mawu akunjenjemera,
bulangete lofiira lili paphewa:
Alipo.