Kunsi kwa Kolala

Malaiti apita kuyambira dzulo,
Kapata yense ili bii,
ndiye ndabwereka nsimbi ya makala kwa Amake Tikambenji,
ija ya katambala pamphuno,
chogwirira chake chomanga ndi waya.
Shati nayonso si yanga.
Ndi ya msuweni wanga Gelesomu wa ku Mchini,
yoyera, timizere tabuluu ngati ta m'kope la sukulu.
Pondipatsa sanaitaye msanga m'manja:
"Ibwere monga yapitira."

Ndayala bulangeti patebulo lotsimphina,
ndapinda katoni pansi pa mwendo waufupi.
Ndapemerera makala mpaka afiira
ngati maso anga osagonawa.
Kamalovu pachala, ndakhudza chitsulo: tswii!
Madzi m'kapu, zala zitatu, waza, waza.

Atate anali mesenjala pa Boma,
ankati yamba ndi kolala,
kuchokera kunsonga kulowa pakati,
pakuti munthu amakuona khosi
asanamve dzina lako.
Kenaka mapewa. Kenaka mikono,
msoko pamsoko, mzere umodzi wokha,
iwiri ndi ya munthu wamitima iwiri.
Nsimbi ikuzemba mabatani
ngati wanjinga pa maenje a msewu wa ku Nabvutika,
nthunzi ikununkha sopo wa eni ake,
ine pakamwa ndikusitanso mawu:
ndine Yotamu Sakala, bwana,
sikelo ndimaidziwa, bwana,
thonje la mlimi sindingalibe ngakhale kilo.
Eyiti koloko. Tilipo makumi anayi, malo ndi awiri.

Apo ndi pomwe kakhala kanadumpha.
Sindinakaone. Ndinamva fungo.

Kabowo ngati njere ya mapira,
kakuda m'mphepete, kumbuyo kwa khosi.
Ndakhala pansi pa simenti.
Ndawerenga mtengo wa shati pa salaula,
ndawerenga za m'thumba mwanga,
zatsala ndi nkhope ya Gelesomu
ndi mawu ake anayi aja osakwana.

Ndabweretsa kandulo pafupi, ndaimika kolala.
Taonani, pambali pa bala langa pali lina,
lakale, losokedwa ndi ulusi wobiriwira,
msoko wokhota wa munthu wofulumira.
Kaya ndi Gelesomu,
kaya ndi wina kutali uko shati isanalowe m'belo,
wina amene naye anadzuka tambala asanalire
manja akunjenjemera.

Ndapinda kolala, ndakanikiza pang'ono.
Yagona bwinobwino, yatiphimba tonse awiri.

Tsopano yapachikika pamsomali kuseri kwa chitseko,
yowongoka kuposa ine.
Kunja kwayamba kuyera pamwamba pa Kanjala,
ngolo yoyamba ya tomato yadutsa kupita kumsika.
Ndikhuthula phulusa, ndibweza nsimbi.
Ndidzayenda m'mbali mwa msewu, kutali ndi fumbi,
mikono italikirane ndi nthiti
kuti thukuta lisafike ine ndisanafike.
Za Gelesomu ndidzaziona madzulo.