Esi Siphera Udzudzu

Magetsi a pa Kamwendo akathima
timayatsa tochi ya foni n'kuiimika m'kapu,
achimwene a Gelesomu n'kuyamba kuchanga makhadi pabondo,
makhadi akale, onunkha mtedza ndi parafini.
Seveni wa khasu adasowa kalekale,
tidachita kumujambula pa katoni ya sopo.

Ndi iwo adandiphunzitsa:
"Esi siphera udzudzu.
Akakuponyera thuu, tola awiriwo, sufa.
Esi ibise kuseri kwa chala chachikulu
ndipo usaiyang'ane kawiri,
poti Esinta amawerenga maso
kuposa mmene venda amawerengera sikelo.
Dikira Joka.
Akatera pamphasa, asanu onse akulozera iwe,
apo ndiye igwetse,
osamenyetsa,
igwetse ngati ukupereka moni."

Koma iwo omwewo chaka chatha
adaisunga mpaka masewera kutha,
Esi ili phee m'manja
ngati nyemba zodikira mtengo wabwino
mpaka anankafumbwe adazigula okha.
Chishango ukachisungitsa chimasanduka katundu.

Tsono ine ndili ndi nzeru zanga.
Ma Joka ndi awiri basi, ndimawawerenga.
Ndimaopa wondiponyera,
ndimayeza amene ndimuponyere.
Mlamu Fanuwelo akatsokomola popanda chifuwa
ndiye kuti chilombo chili m'manja.

Lachisanu lija
Amayi anali atangotuluka kuchipatala cha pa boma,
pulasitala akadali pamkono.
Adakhala kumanzere kwanga,
khadi limodzi lokha likunjenjemera m'zala zawo.
Fanuwelo adatsokomola.
Joka pamphasa, thi!

Esi ndinalibe.
Ndidali nditaitaya pa thuu ngati mwana wosamva.
Koma Joka mnzake ndinali naye, wofunda ndi thukuta.
Kumugwetsa, moto ukadandilumpha,
asanu anga ndi asanu ena
onse n'kukagwera pamiyendo ya Amayi.

Ndidakanda m'mutu. "Aaa, ndapsa ine!"
Ndidatola:
limodzi, lachiwiri,
mpaka dzanja kutambasuka ngati mchira wa nkhukundembo.

Amayi adagwetsa lawo, folo wa mtima,
n'kuseka mpaka kugwira nthiti.
"Ana inu, mudzaphunzira liti?
Munthu wodwala akudyeni chonchi?"
Esinta adati tibwerezenso.
Fanuwelo adatsokomola, tsopano chifuwa chenicheni.

Posonkhanitsa makhadi
achimwene adamuona Joka uja pakati pa anga.
Adandiyang'ana,
ine n'kuyang'ana njenjete yozungulira kapu.
Sadanene kanthu.
Adangomulowetsa pakati pa mpukutu
n'kuchanga nthawi yaitali kuposa masiku onse.

Magetsi adayaka tili pakati pogawa.
Wailesi idadzidzimuka yokha kuchipinda,
agalu a kwa aneba n'kuuwa.
Palibe adadzuka kukazimitsa tochi.
Amayi anali atafutukula kale makhadi awo,
akubisa limodzi kuseri kwa chala chachikulu.