Nkhalango ya pakhoma

Mu shedi yakale yofotetsera tiyi pa Chitakale,
momwe fungo la masamba likadakakamirabe kumalata,
Enelesi, mwana wa a Namathanga, wabzala nkhalango pakhoma.
Khasu alibe. Ali ndi kompyuta yong'aluka pakona,
kamera yonga diso la nkhuku,
ndi nyali yoponya zithunzi yobwereka kusukulu.

Akuti mitengoyi sanaijambule.
Anangoipatsa malamulo: phuka apa, pindika uko,
ukapeza kuwala gawika pawiri.
Imadzimerera yokha, ndipo sibwereza.
Mkungudza ukuuona panowu
dzulo kunalibe, mawa sudzaupeza.

Ine ndinalowamo pothawa chiperoni basi.
Zaka makumi awiri ndi zitatu ndinakoka sowo pa Chambe,
ine m'dzenje, Mukhito pamwamba,
utuchi ukundigwera m'maso ngati gaga.
Thabwa lililonse ndinatsika nalo pamutu
mpaka ku Likhubula, wopanda nsapato.
Khosi langali limadziwa kulemera kwa mtengo
kuposa makina aliwonse.

Ana a sukulu anali kale m'katimo, phokoso lokhalokha.
Akathamanga, zithunzithunzi zawo zinkadya masamba.
Akaomba m'manja, nkulukulu zofiira mapiko zinkabalalika
n'kukathera m'ngodya.
Kamnyamata kena kanatambasula mikono, moto buu!
Anzake anaseka mpaka kugwira nthiti.

Atatuluka ndinatsala ndekha.
Ndinasuntha phazi limodzi, mitengo itatu khu!
Ndinakanda m'mutu, mtsinje unafiira
ngati Ruo chaka chija phiri linasanza matope
n'kutitengera mlamu wanga ndi mbuzi zake zomwe.
Ndinati, Mwanawe, makina akowa akundidziwa kodi?
Iye anati, Ayi bambo, amangoona kuti pali munthu.

Nanga kuti zibwerere?
Ingoimani.

Kuima! Ine amene sindinaimepo chibadwire,
amene chinangwa ndinkatafuna ndili paulendo.
Ndinaima. Bondo linayamba kung'ung'udza.
Mvula inkagogoda malata.
Mphindi imodzi, zii. Yachiwiri, kaudzu.
Kenako chinkhoma chinasuzumira pamwala,
nchima inatsika ndi mwana pamimba,
ndipo kananzikambe kosafika ndi chala changa chaching'ono
kanabwera mwaulemu, kakuyesa kaye mwendo uliwonse,
n'kukwera paphewa la chithunzithunzi changa.
Phewa lomweli la matabwa.
Mpweya ndinaugwira.

Sindinama kuti ndinalira, ayi.
Ndinkaganiza za fizi ya ana asanu
imene inatsika m'phirimo pamutu panga,
ndi za Enelesi yemweyu, amene desiki yake ya sitandade wani
mwina wocheka wake ndine.
Pakhoma pakopa palibe amene ali ndi njala.
Ndinamuuza choncho. Sanayankhe msanga.
Analemba m'kope, nati, Ndiyesa kuiikamo.
Njala uiika bwanji m'makina?
Sindikudziwa, anatero. Mubwerenso Lachinayi.

Pomwepo magetsi anathima.
Nkhalango yonse inapita, popanda nkhwangwa, popanda utsi.
Kunatsala khoma, laimu wosupuka,
ndi dzina la kapitawo wina lolembedwa ndi khala.

Panja chiperoni chinali chitang'ambika pang'ono.
Phiri linaonekera, lometedwa mbali imodzi
ngati mwana amene lumo linamuthera pakati,
utsi wa uvuni wa makala ukukwera chakuuko.
Ndinaima m'mbali mwa msewu,
akabaza akundilizira belu,
manja pansi, osakanda, osatsokomola,
maso kumtunda,
mphindi imodzi, ziwiri, zisanu,
kudikira kuti mwina kaudzu.

Ndinaima mpaka kondakitala wina
anatulutsa mutu pazenera la minibasi
n'kundifunsa ngati ndikupita ku Limbe.