Nkhope Yanga Ikubwerera Wapansi

Kabotolo kaja ndidakagula pa Kwachena,
tsiku lomwe kachewere adayenda malonda,
matumba asanu kutha dzuwa lisanapendeke.
Wogulitsayo, mtsikana woyera ngati chinangwa chosenda,
adati, "Masabata atatu okha, amayi,
kwanu ku Ulongwe akakufunsani dzina."

Sadaname.
Adandifunsadi dzina.

Chaka choyamba ndidawala.
Chachiwiri dzuwa la ku Tete lidandizindikira.
Lidandipeza pamwamba pa lole, pakati pa mlatho wa Zambezi,
nkhope ilibe pobisala,
ndipo lidasainapo:
tsaya lamanzere bii ngati kunsi kwa chiwaya,
lamanja mawangamawanga, nthenga za nkhanga,
m'mfundo za zala mdima wokhawokha.
Ndidawonjeza kudzola.
Nawo adawonjeza kuda.

Ndimu adandiwawula.
Phulusa, mankhwala otsukira mano,
sopo wochapira amene mlamu wanga adalumbira pali Mulungu,
zonsezi zidangothirira moto.
Ku ukwati wa Jasinta ndidakhala kumbuyo kwa tenti,
kapulana kumutu mpaka m'masaya
ngati wodwala dzino.

Namwino Ludovina adandigwira chibwano ndi zala ziwiri,
nkuchitembenuzira kuwindo
monga achitira wosankha papaya.
Sadakalipe. Bola akadakalipa.
Adangoti, "Khungu si poto, mayi, salikwecha.
Kabotoloko mundisiyire pano.
Mawanga ena adzazilala,
ena mwina mudzakalamba nawo.
Musawathamangitse."

Tsono m'mawa uliwonse,
nkhungu isanalisiye phiri la Domwe,
ndimathira madzi ofunda pang'ono m'beseni lobiriwira.
Sopo wopanda fungo, thovu la m'manja basi,
chinkhupule ayi, mwala ayi.
Ndimadzipukuta monga upukutira khanda la mwini.
Kenako mafuta oteteza kudzuwa,
kachubu kochepa, mtengo wake ndowa ziwiri za kachewere,
ndimafinya mzere pa chala ichi, mzere pa ichi,
osaiwala khosi ndi nsonga za makutu.
Pomaliza chipewa chamlaza chotambalala
chimene anyamata a chapa amati ndi denga la khola.
Asekeni. Mthunzi ndi wanga.

Masana, pakati pa kuwerenga metikali ndi kukangana ndi oguza,
ndimadzolanso.
Masiku ena ndimaiwala, ndisaname.

Madzulo fumbi la malasha a ku Moatize
limatsika m'beseni, madzi nkuda m'malo mwanga.
Mankhwala a kuchipatala ndimadontheza pa mawanga pokha,
dontho, dontho,
ngati feteleza wa ngongole pa phando.
Ndikatero ndimazimitsa nyali.
Kalilole ndidamuika tsiku: Lamlungu lokha.
Chimanga sichikula ukamachiyang'ana.

Dzana ndidapeza Zelita wanga, wa zaka khumi ndi zinayi,
ataima pa kalilole yemweyo,
akufanizira mkono wake ndi pepala la m'kope.
Mawu adandithawa.
Ndidangotenga dzanja lake
nkuliika pa tsaya langa lamanzere,
pamene khungu lidakhakhala ngati khwawa la m'chilimwe.
Adalisiya pomwepo nthawi yaitali.
Kenako adati, "Amayi, m'mbalimu mwayamba kusintha,"
nkutuluka kukatunga madzi.
Sindikudziwa ngati adamva.

Mwezi uno ndi wachisanu ndi chiwiri.
Banga lalikulu likuphwa cham'mphepete
monga chithaphwi chikaona Epulo.
Pansi pake pakutuluka mtundu wakale uja,
wa nthaka ya kudimba itangothiriridwa,
umene ndidaugulitsa mametikali mazana awiri
nkulandira chenje.

Nkhope yanga idachoka pa liwiro la chapa.
Ikubwerera wapansi,
ikupuma pansi pa mlambe uliwonse,
ndipo kaya idzafika yonse, kaya.
Ine changa ndi chimodzi:
wapaulendo amamuikira madzi.
Mawanso ndidzuka nkhuku zisanatsike,
ndiwafunditse.