Kabuku ka Pansi pa Tebulo

Bambo anga, a Sagynbek, adasunga ndalama zaka makumi awiri ndi zitatu
m'banki imodzi yokhayo, ya boma.
Ankafuna galimoto.
Dziko lalikulu lija litasweka ngati mbale,
ndalamazo zidangokwana nsapato.
Ya kumanzere yokha, amatero akafuna kutiseketsa.

Kabukuko sadakataye.
Adakapinda, nakatsamiritsa mwendo waufupi wa tebulo.

Kuyambira pomwepo banki yawo idali nkhosa.
Nkhosa sisintha dzina la ndalama usiku anthu ali m'tulo.
Koma chaka china chipale chidakwirira msipu mpaka Epulo,
tidakoka mitembo makumi anayi kuseri kwa khola.
Bankiyo nayonso idagwa.

Ine ndidapita ku Naryn ndekha, osatsanzika.
Mnyamata wa tayi, wobadwa mbale itasweka kale,
adafunsa chikole. Ndidatchula munda wa balere.
Adatchula chiwongoladzanja, ndidameza malovu,
cholembera chidaterera m'thukuta.
Makina opesera ubweya adabwera pa lole, atafunditsidwa bulangeti ngati wodwala.

Tsopano amalira kuyambira mbandakucha.
Ubweya umene tinkawotcha chifukwa chosowa wogula
ukusanduka makapeti, amayi asanu akusoka.
Jypargul wabwerako ku Moscow komwe ankakolopa masitepe,
mwana wake wasiya kumutcha azakhali.
Pa wailesi akuti chuma cha dziko chakwera pang'ono.
Ine manambala awo sindiwadziwa,
ndaona utsi pa nyumba yomwe idakhomedwa matabwa.

Koma musafunse Esengul.
Iye adakongola m'madola, ndalama yathu itatsika
ngongole idafufuma ngati ng'ombe yodya nyemba zobiriwira.
Geti lake lili ndi chidindo.
Mnyamata wa tayi ndi yemweyo, kamwetulidwe ndi komweko.

Bambo sadalowebe m'shedi.
Amaima pakhomo, chipewa choyera chili m'manja,
kumvetsera ngati akumva galu wa eni.
Dzulo adandifunsa, maso ali kuphiri:
Umalipira tsiku lanji?
Pa khumi ndi chisanu, ndidatero.

M'mawa ndapeza nkhosa ziwiri zonenepa
zitapakidwa utoto wofiira pamsana.
Izi musaphe, atero, ngakhale kubwere alendo.
Mwezi ukakuthina, ndi za anthu akowo.

Akhala pansi, athira tiyi.
Tebulo silinagwedezeke.