Komanso

Ntchito yanga ndi ya makutu ndi zala.
Zaka makumi awiri ndi zitatu ndakhala kunsi kwa aphungu
m'Nyumba ya Malamulo ku Valparaíso,
kuwakha mawu asanagwe pansi.
Akatsokomola sindilemba. Akanyozana ndimalemba.

Usiku wina wa mu Julaye, mvula ikumenya mazenera,
anafika pa ndime yachisanu ndi chinayi
ya bilu ya nyumba za m'mapiri a mzinda uno:
boma ligwetse nyumba yakale kapena yoopsa.
Ambiri anali atatopa, ena akuyasamula,
wina akusenda lalanje kunsi kwa tebulo.
Phungu wina wa ku Atacama, wa mawu osasa ngati chitseko chadzimbiri,
anaimirira nati:
Mayi anga ndi akale, koma si oopsa.
Chotsani kapena, ikanipo komanso.

Anaseka. Kenaka anakangana mphindi makumi anayi.
Atavota, komanso anapambana ndi mavoti atatu.
Ine ndinalemba, chala chapakati chikuwawa,
mtima uli pa basi yomaliza.

Liwulo linapita kwa maseneta,
linagona m'komiti miyezi isanu,
linasainidwa ku Santiago,
linatuluka m'timalemba ting'onoting'ono
m'nyuzipepala ya boma imene munthu sawerenga pomwa khofi.
Ine ndinaliiwala.

Patatha zaka zisanu ndi chimodzi
Nibaldo Quilodrán, wosoka nsapato wa mumsewu mwathu,
anapeza chikalata pa chitseko chake chobiriwira.
Nyumba yake ndi ya matabwa ndi malata,
inatsamira phiri ngati chidakwa chimene sichigwa.
Akukhonsolo anati yakalamba, ichoke.

Kukhoti kulibe kuwomba m'manja.
Safunsa kuti ofuna zakuti ndi angati.
Oweruza atatu, madzi m'matambula,
loya wa khonsolo ndi chikwama chake chonenepa,
loya wa Nibaldo ndi jekete lobwereka.
Injiniya analumbira kuti mizati ndi yolimba,
chiswe chinalawa khonde lokha.
Woweruza wapakati, mayi Berríos, anavula magalasi:
Lamuloli sindinalembe ine, ndipo sindingalisinthe.
Changa n'kufunsa chimene linanena.
Anaitanitsa zolembedwa za usiku uja.

Ndinali pa benchi yakumbuyo, nditapempha tchuthi cha tsiku limodzi.
Phungu uja anamwalira chaka chatha,
koma ndinamumva akutuluka m'kamwa mwa kalaliki wa khoti,
akupumira pamene ndinamuikira mpumiro ine,
ndi chala chowawa chija.
Mayi anga ndi akale, koma si oopsa.
Ulendo uno panalibe woseka.

Khonsolo inachita apilo ku khoti lalikulu ku Santiago.
Mafayilo anakwera mapiri, anatsika.
Chigamulo chinabwerako monga chinapitira.

Tsopano ndamva kuti aphungu atsopano
akufuna kubwezeretsa kapena.
Ndi ufulu wawo. Anawasankha ndi anthu,
ena a iwo a mumsewu mwathu momwemu,
amene amaopa moto ukabuka m'nyumba zakale
mphepo ya kunyanja ikamawomba,
ndipo sindinganene kuti mantha awo ndi abodza.
Akapambana, mayi Berríos adzawerenga kapena
ndi magalasi omwewo,
osamwetulira, monga sanamwetulire poyamba paja.

Nibaldo sadziwa kuti zala zinali zanga.
Lolemba ndinamupititsira nsapato yothyoka chidendene,
anandilipiritsa mtengo wonse,
n'kudandaula kuti ndimayenda mopendekeka.
Ndinaima pakhonde lake lodyedwa ndi chiswe lija,
ndikuyang'ana pansi, kupyola madenga ndi zingwe za magetsi,
nyumba yaikulu imene ndimagwiramo ntchito.
Kuchokera pamenepo imaoneka yaing'ono
moti ungaiphimbe ndi chala chimodzi.

Biluyo ikulowa Lachitatu masana.
Ndawenga kale zikhadabo.