Asanu M'katoni ya Mabisiketi

Ndinawagula Loweruka pamsika wa ku Ancud
kwa mayi wa chipewa chaubweya amene sanandifunse dzina.
Anangoti, "Masabata asanu ndi limodzi, onsewa ndi misoti,"
n'kuboola katoni ndi nsonga ya mpeni kuti azipuma.

M'basi ya ku Quetalmahue ndinawakhazika pamiyendo.
Kunsi kwa katoni kunali kofunda ngati buledi wongophulidwa kumene.
Pokhota paliponse tizikhadabo tinkakanda, kwee, kwee,
kenako zii.
Ziiyo ndiye inkandiopsa.
Ndinkagunditsa khutu pabowo, anthu n'kumandiyang'ana.

Zaka makumi atatu ndinkatumbula nsomba pafakitale ku Quellón.
Manja angawa amadziwa polowera mpeni,
amadziwa kulemera kwa chinthu chimene chaleka kuphiriphitha.
Koma chamoyo chopepuka chonchi,
kamtima kakugunda pansi pa chala changa,
sindinkadziwa pochigwira.

Khola ndinalimanga masabata atatu
ndi matabwa a bwato la malemu Eladio, mkulu wanga.
Utoto wake wobiriwira ukadalipo, ndi theka la nambala.
Waya ndinamukwirira chikhatho ndi theka
poopa kanyama kakuda ka m'mitsinje kaja
kamene kanatha abakha a kwa Oyarzo usiku umodzi.

Nditatsekula katoni palibe anatuluka.
Ndinaipendeketsa, onse khuthu,
n'kukaunjikana pangodya, maso tong'o,
chakudya osachiyang'ana n'komwe.

Usiku umenewo mvumbi sunakate.
Ndinatuluka kanayi ndi tochi, jekete pamwamba pa zogonera,
kukawerenga zinthu zimene sizikanatha kupita kulikonse.

Kutacha ndinawamvera chisoni, ndinawatsekulira.
Anapalasa, anathamangitsana ndi nyongolotsi imodzi tsiku lonse,
ine n'kumaseka ndekha pachitsa.
Koma dzuwa litapendeka, m'khola munali mbee.
Anayi ndinawapeza pansi pa wilibala, atanyowa, akunjenjemera.
Wachisanu ayi.
Ndinalowa m'munda wa mbatata, ndinasuzumira m'ngalande,
ndinatsekula pakamwa kuti ndiitane
n'kuzindikira kuti ndilibe dzina loitanira.

Anali pakhonde, m'jombo yanga yakumanzere,
mutu wokha uli panja, ali m'tulo tofa nato.

Mayi Ondina anaona zonse ali kuseri kwa mpanda.
"Bambo Heriberto, mwafulumira.
Atsekereni masiku anayi, alire, asalire.
Nkhuku sidziwa kwawo ndi maso.
Pamene yagona kanayi n'kudzuka yamoyo, pamenepo ndiye kwawo."

Sindinayankhe.
Ndinakumbuka mwezi umene ndinabwerera m'nyumba ino
fakitale itandiuza kuti zala zanga zayamba kuchedwa.
Ndinkagona pampando, nsapato kuphazi,
sutikesi ili pakhomo yosamasula.

Ndinawatsekera.
Tsiku loyamba analira, ine n'kukabisala kokawaza nkhuni.
Lachiwiri anagubuduza madzi katatu.
Lachitatu mmodzi anatola tirigu m'dzanja langa,
kamlomo kake kakundibaya pachipsera chakale,
ndipo ndinapirira dzanzi mpaka anakhuta.

Lachisanu ndinatsekula, mtima uli m'mwamba.
Madzulo ndinaima patali, manja m'thumba, osawakusa.
Mdima utayamba kukhuthala anazungulirazungulira,
anakangana pang'ono patsinde pa thabwa,
kenako mmodzi, wina, winanso,
kukwera ngati anthu olowa m'basi yomwe aizolowera.
Wa m'jombo uja anatsalira,
anayang'ana kukhonde nthawi yaitali,
n'kukwera naye.

Mayi Ondina anamuloza ndi chibwano.
"Uyo, taonani miyendoyo kukula kwake.
Dzira la ameneyo musalidikire.
Pofika Disembala adzatidzutsa tonse mpaka kugombe."

Usiku Yasna anaimba foni kuchokera ku Osorno.
"Ababa, mwawatcha mayina?"
Ndinati ayi, ndikuyamba ndawadziwa kaye.
Anafunsa ngati ndikudya bwino, ndinati eya,
uku ndikuyang'ana pawindo kumene kuli khola,
jombo yakumanzere ili m'manja,
ndikuchotsamo nthenga ziwiri ndi zina zimene anandisiyiramo.